Ometa, osoka mbale ndi owotcherera ziwaya: zithunzi za amisiri akale a ku China

Nachisale (Guangzhou): Abale anga, onani tizithunzi ndaponyati. Ndatitola m'nyumba ya zinthu zakale ili mu Cultural Park kuno ku Guangzhou, pafupi ndi msika wa zovala wa Shisanhang komwe ambirife timaoda. Si za kamera ayi, n'zojambula pamanja ndi utoto. Chithunzi chilichonse munthu mmodzi ndi ntchito yake: wina akumeta, wina akunola mipeni, wina akuluka dengu, wina wasenza nsungwi paphewa, kutsogolo mphika kumbuyo mbaula. Aphunzitsi a Mbewe, tatiuzani, ankajambulira ndani zimenezi?

Mavuto Geni: Asisi, ife tikudikira katundu kuno, inu muli kukaona zithunzi 😂

Nachisale (Guangzhou): Katundu wako ali ku kago iwe, khala phee.

Aphunzitsi Mbewe: Mayi Nachisale, malo mwaimawo ndi pomwe pali yankho. Mu 1757 mfumu ya ku China, Qianlong, inalamula kuti amalonda a ku Ulaya obwera panyanja azichitira malonda padoko limodzi lokha, la Canton, lomwe ndi Guangzhou yomweyo. Anawapatsa kamdadada kakang'ono m'mbali mwa mtsinje, kunja kwa linga la mzinda, komwe kunali nyumba zamalonda zotchedwa Thirteen Factories. Mumzinda samaloledwa kulowa, ngakhale kubwera ndi akazi awo pamalopo kunali koletsedwa. Ndiye munthu wabwera ulendo wa miyezi panyanja kudzagula tiyi ndi silika, koma dziko lenilenilo sakuliona. Kwawo akamufunsa kuti ku China kuli zotani, akanena chiyani? Ojambula a ku Canton anaona msika pamenepo. Anatsegula mashopu m'timisewu ta kuseri kwa nyumba zamalondazo, n'kumagulitsa zithunzi za anthu a mumsewu, ngalawa, maluwa, mbalame, kapangidwe ka tiyi ndi ka mbale zadothi. Dongosolo la doko limodzili linatha mu 1842 ndi pangano la ku Nanjing, nkhondo ya pakati pa Britain ndi China yolimbirana malonda a mankhwala ozunguza bongo a opium itatha.

Mavuto Geni: Ndiye kuti n'zogulitsa kwa alendo basi. Mlendo umamuonetsa zomwe akufuna kuona. Taonani wonola mipeniyo, malaya oyera mbee, phazi lopanda ndi mng'alu womwe. Munamuona kuti munthu wa ntchito yamanja wotero?

Ankolo a ku Leeds: Mavuto pamenepo wakhudza. Ku nyumba ya zinthu zakale ya Victoria and Albert Museum ku London kuli zithunzi 100 za ntchito za mumsewu zomwe zinachokera m'shopu ya wojambula wina wotchedwa Puqua, cha m'ma 1790. Kumbuyo kwa munthu aliyense kulibe kanthu, pepala loyera basi, mwina kamthunzi pansi. Palibe matope, palibe khamu, palibe ntchentche. Msilikali wina wa ku Britain, George Henry Mason, anatenga zithunzi za Puqua n'kusindikiza 60 m'buku mu 1800, ndipo chaka chotsatira anatulutsa lina la zilango za ku China: kukwapula, kuveka munthu thabwa m'khosi, zoterozo. Zithunzi za zilango zinkagulidwa kwambiri. Ndiye n'zoona kuti wogula ndi amene ankasankha China yomwe akufuna kupita nayo kwawo.

Kalipentala wa ku Ndirande: Ankolo, ndalola za malaya oyerazo. Koma ine zovala sindikuziyang'ana, ndikuyang'ana manja ndi zida. Wojambula akhoza kumuchapira munthu malaya, koma chida sanganame nacho ngati amachiona tsiku ndi tsiku pakhomo pake. Chithunzi chachitatu chija, bambo wakhala pa benchi lalitali ngati wakwera njinga, thabwa walitsamiritsa kutsogolo, puleni yake ili ndi zogwirira ziwiri zotuluka m'mbali, akukankha ndi manja onse. Munthu wosadziwa ntchito akanajambula mapewa olakwika. Apa mapewa ali pomwe amayenera kukhala.

Tadala (Hangzhou): Achimwene a Kalipentala, mapuleni amenewo alipobe kuno, madala ena akugwiritsabe ntchito. Ndi kabokosi ka inki kokhala ndi chingwe, amakoka chingwe chonyowacho n'kuchimenyetsa pathabwa kuti chisiye mzere wowongoka.

Kalipentala wa ku Ndirande: Mwaonatu.

Nangozo Telala: Ine chandidabwitsa ndi utoto. Ukuoneka ngati watukuka pamwamba, ngati nsalu ya veleveti. Ndi foni yanu asisi kapena n'chonchodi?

Nachisale (Guangzhou): N'chonchodi amayi, ndipo pafupi zimawala kuposa pamenepo.

Aphunzitsi Mbewe: N'chifukwa cha chomwe ajambulapocho. Si pepala wamba. Pali kamtengo kotchedwa Tetrapanax papyrifer, komwe mkati mwa tsinde lake muli mtima woyera wofewa. Mmisiri ankautulutsa mtimawo, n'kumausenda mozungulira ndi mpeni waukulu wakuthwa mpaka utatambasuka kukhala kachipepala kopyapyala. N'chifukwa chake zithunzizi zimakhala zazing'ono, tsinde silingakupatse chinsalu chachikulu. Utoto wamadzi ukagwera pamenepo umatupitsa malowo pang'ono, ndiye umakhala pamwamba. Vuto lake n'kuthetheka, ukangopinda chasweka, ndiye ankazimata m'maalubamu ndi kaliboni ka silika m'mbali. Zamtunduwu zinafala kuyambira cha m'ma 1820 chifukwa zinali zotchipa, ngakhale wogwira ntchito wamba wa m'sitima ankatha kugula. Za Puqua zija zinali zakale kuposa apa, zinali papepala lenileni.

Ndiwonjezere pa mfundo ya Mavuto. M'mashopuwa chithunzi sichinali cha munthu mmodzi. Wina ankakopa mizere kuchokera pa chitsanzo, wina n'kupaka zovala, wina nkhope. Mayina odziwika monga Tingqua, Sunqua ndi Youqua anali a eni mashopu, anyamata ambiri ojambulawo sadziwika. Ndiye wometa yemweyo umamupeza m'maalubamu ambirimbiri, atangosinthidwa mtundu wa malaya.

Mavuto Geni: Eya! Fotokope ya makedzana. A Kalipentala mwamva?

Kalipentala wa ku Ndirande: Ndamva. Koma woyamba kujambula chitsanzocho anamuona wometa weniweni. Okopawo akopa choona.

Mayi a Thyolo: Pa za mumsewu ndikhala kumbali ya a Kalipentala, koma pa za tiyi ayi. Ndaona pa intaneti zithunzi za ku Canton zomwezo zosonyeza kulima tiyi. Atsikana ovala mikanjo yaitali, tsitsi lokonza bwino, akuthyola tsamba limodzilimodzi m'dimba lokongola lokhala ndi timilatho. Mayi anga athyola tiyi moyo wawo wonse. Mmawa mame amakufika m'chiuno, dengu kumsana, zala zothimbirira zong'aluka, madzulo pa sikelo. Wojambula zimenezi sanafikeko kumunda.

Aphunzitsi Mbewe: Mwalasa mayi. Tiyi ankalimidwa kutali, kumapiri a Wuyi ku Fujian ndi madera a Anhui, ndipo ankayenda milungu ingapo pamisana ya anthu ndi m'mabwato kuti afike ku Canton. Ojambulawo zakumunda ankangotengera m'zithunzi zina. Koma muone chithunzi chomaliza cha maseti amenewo, cha m'nyumba yosungira katundu padoko: amuna opanda malaya aima m'mabokosi akupondaponda tiyi ndi mapazi kuti alowe wambiri, mzungu wa chipewa ali poteropo akuyang'ana sikelo. Chimenecho ankachiona ndi maso awo, ndipo kusiyana kwake kumaonekeratu.

Mavuto Geni: Ndi mapazi?? Ndiye azungu ankamwa zimenezo 😭

Ankolo a ku Leeds: Ankamwa, akuthira ndi shuga yemwe.

Tadala (Hangzhou): Koma tisaiwale kuti kujambula anthu a ntchito sikunayambe chifukwa cha azungu. Kuno mwana aliyense wa sukulu amadziwa chithunzi chotchedwa Qingming Shanghe Tu, cha Zhang Zeduan, cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1100, nthawi ya mafumu a Song. Ndi nsalu ya silika yopinda mokulunga, yaitali mamita asanu ndi pang'ono koma m'lifupi pafupifupi masentimita 25 okha. Umaitambasula pang'onopang'ono kuyambira kumanja. Imayambira kumudzi, abulu atasenza katundu, kenako mtsinje ndi mabwato onyamula chakudya, kenako mzinda, womwe ambiri amati ndi likulu la nthawiyo, Kaifeng. Muli anthu mazanamazana. Pali otunga madzi pachitsime ndi ndowa zawo, okonza mateyala a ngolo, shopu ya sing'anga yokhala ndi zikwangwani za mankhwala, woombeza ula, malo omwera, ngamila zikutuluka pachipata. Pakati penipeni pali mlatho wamatabwa wokhota, bwato lalikulu likufuna kudutsa pansi koma mlongoti sunatsitsidwe bwinobwino. Amalinyero ali piringupiringu, anthu pamlatho akukuwa, ena akuloza. Ogulitsa pamlathopo ena sakucheuka n'komwe, ali pa malonda awo.

Kalipentala wa ku Ndirande: Okonza mateyalawo nditumizireni pawokha, mukulitse.

Tadala (Hangzhou): Ndatumiza. Mmodzi akupala thabwa, wina akukhoma teyala.

Nachisale (Guangzhou): Chimenechi ndimachiona pa makapu, pa mafani, pa makatani, paliponse. Chenichenicho chili kuti?

Tadala (Hangzhou): Ku Palace Museum ku Beijing asisi, koma sachitulutsa kawirikawiri chifukwa kuwala kumaononga silika. Atachitulutsa mu 2015 anthu ankaima pamzere maola ambirimbiri. Ku chionetsero cha Shanghai Expo mu 2010 anapanga chachikulu cha pakompyuta, anthu ake akuyenda, usiku nyali zikuyaka.

Mavuto Geni: Chabwino, chimenecho si cha alendo. Koma wojambulayo ankadya kwa ndani?

Aphunzitsi Mbewe: Kwa mfumu, Mavuto. Zhang Zeduan anali wojambula wa kunyumba yachifumu. Ndipo akatswiri amatsutsana mpaka lero. Ena amati ndi mzinda wa m'maloto, wokonzedwa kuti mfumu ione kuti anthu ake akukhuta. Ena amati muli chenjezo lobisika, chifukwa pachipata palibe alonda ooneka, ndipo pena pali anthu a boma akuodzera pakhomo. Chodziwika n'chakuti mu 1127 Kaifeng inagwa m'manja mwa ankhondo a Jin ochokera kumpoto, mfumu n'kutengedwa ukapolo. Mafumu a pambuyo anapitiriza mwambowu. Mu 1759 Xu Yang anamalizira Qianlong chithunzi cha mzinda wa Suzhou, chotalika mamita opitirira 12, chokhala ndi zikwangwani za masitolo zopitirira 200 zowerengeka bwinobwino: a silika, a thonje, a mankhwala, a fodya, osintha ndalama. Olemba mbiri ya malonda amachigwiritsa ntchito, ngakhale akudziwa kuti cholinga chake chinali kukometsa ufumu.

Nangozo Telala: Aphunzitsi, zonse mwatchulazi ndi amuna okhaokha. Ometa, okonza ngolo, amalinyero. Akazi sankagwira ntchito?

Aphunzitsi Mbewe: Amayi, funso lanu landifikitsa pa zomwe ine ndimazikonda kuposa zonse. Cha m'ma 1145, mkulu wina wa boma, Lou Shu, yemwe ankayang'anira dera la Yuqian pafupi ndi Hangzhou komwe kuli Tadalako, anajambula zithunzi 45: 21 za ulimi wa mpunga, 24 za silika ndi kuomba nsalu. Zimatchedwa Gengzhi Tu. Za silikazo pafupifupi zonse ndi akazi. Zimayambira pa kutsuka mazira a mbozi, kenako kuzidyetsa masamba a mabulosi usana ndi usiku m'malichero osanjikiza, kuziika pa timitolo ta udzu kuti zimange zikwa, kusankha zikwa, kuziviika m'madzi otentha n'kumakoka ulusi pa chipukutira, mpaka pa makina oombera nsalu zamaluwa, pomwe mmodzi amakhala pansi akuomba, wina pamwamba akukoka zingwe za patani. Chithunzi chilichonse chili ndi ndakatulo yake, ndipo Lou Shu sanabise zowawa. Pa chithunzi choika mpunga m'nkhokwe, ndakatulo imatchula nkhawa yoti okhometsa msonkho abwera. Nsalu nayo yathera kuboma.

Zoyambirirazo zinasowa, tili ndi zokopedwa. Mu 1696 mfumu Kangxi inalamula Jiao Bingzhen kuti ajambule zatsopano, 23 za ulimi ndi 23 za silika, zinasindikizidwa ndi matabwa osema n'kufalitsidwa. Mwana wa Kangxi, yemwe anadzakhala mfumu Yongzheng, anachita kujambulitsa seti ina momwe mlimi ali m'matopeyo ndi iye mwini.

Mavuto Geni: Kkkkk ndiye izi za akuluakulu kujambulitsa atagwira khasu zinayamba kalekale eti.

Nangozo Telala: Wapamwamba wokoka zingweyo ndiye wandigwira mtima. Akangolakwitsa chingwe chimodzi, duwa lonse lapindika, ndipo wotukwanidwa ndi iyeyo. Amene anasokapo nsalu ya mizere akudziwa.

Mayi a Thyolo: Ana aliponso m'zithunzimo? Chifukwa ntchito ya usiku ngati imeneyo mwana amakhala kumsana.

Tadala (Hangzhou): Alipo amayi, ena akukoka chovala cha mayi awo, ena ali m'manja. Koma ngati mukufuna ana, onani cha Li Song cha mu 1210, chili ku National Palace Museum ku Taipei. Ndi wogulitsa tinthu woyendayenda wafika pamudzi. Mitolo yake iwiri yasanjikizana kuposa msinkhu wake, mwadzaza tizidole, timbale, tizida, mankhwala, mpaka pathupi pake papachikika malonda. Ana amuunjirira, wina akukoka mayi ake amene akuyamwitsa khanda ali chiyendere. Amati Li Song anayamba ndi ukalipentala asanakhale wojambula.

Kalipentala wa ku Ndirande: N'chifukwa chake 😎

Ankolo a ku Leeds: Wometa uja tatiyeni timubwerere, chifukwa ndi amene amapezeka pafupifupi m'seti iliyonse. A Manchu, eni ufumu wa Qing, atalanda China analamula mu 1645 kuti mwamuna aliyense azimeta kutsogolo kwa mutu n'kusiya chingwe cha tsitsi kumbuyo, wokana aphedwe. Ndiye tangoganizani amuna a dziko lonselo, aliyense ofunika lumo pakapita masiku ochepa. Wometa ankasenza shopu yonse pa nsungwi: mbali ina kampando kokhala ndi madilowa a malumo ndi zipeso, mbali ina kambaula ndi beseni la madzi otentha. Ankachotsanso phula m'makutu. Ufumu wa Qing utagwa mu 1912, zingwe zija zinadulidwa, ntchito n'kusintha.

Nachisale (Guangzhou): Nanga uyu wakhala pansi ndi kauta, mbale ili pamiyendo? Ndimaganiza kuti akuimba chinachake.

Kalipentala wa ku Ndirande: Ameneyo akuboola asisi. Chingwe cha utawo chazengedwa pa kamtengo kokhala ndi nsonga, akamakoka uta uku ndi uku kamtengo kakuzungulira. Koma kuboola mbale yadothi osaiswa, ndiye sindikumvetsa.

Aphunzitsi Mbewe: Ndi wosoka mbale zosweka. Kunsonga kwa choboolera kunkakhala kachidutswa ka dayamondi. Ankalumikiza zidutswa za mbale n'kuzimanga ndi chingwe, n'kuboola timaenje tiwiritiwiri mbali zonse za mng'alu, osatulukira kuseri, kenako n'kukhomerera tizitsulo tokhala ngati ma stepulo, n'kumata mng'aluwo. Mbale imasunganso msuzi osadontha. Ndipo poti tafika pa mbale: wansembe wina wa ku France, d'Entrecolles, analemba mu 1712 kuchokera ku Jingdezhen, mzinda wa mbale zadothi, kuti mbale imodzi inkadutsa m'manja mwa amisiri okwana 70 isanathe. Mu 1743 Tang Ying, woyang'anira ng'anjo za mfumu kumeneko, analemba mawu ofotokozera zithunzi 20 za ntchitoyi, kuphatikizapo kukumba mwala ndi kukulunga mbale mu udzu. Ameneyo ndiye ankakhala pakati pa amisiriwo, sanali wongomva.

Mavuto Geni: Masiku ano mbale ikasweka timangooda ina kwa asisi Nachisale. Wosokayo anaphedwa ndi kontena.

Nachisale (Guangzhou): Usandinamizire mlandu iwe 😂

Ankolo a ku Leeds: Ojambulawo nawo anaphedwa ndi kamera. Cha m'ma 1860 ndi 1870 ojambula ndi kamera anali atadzaza ku Hong Kong ndi Shanghai. John Thomson wa ku Scotland anayenda m'China cha m'ma 1870 akutola anthu a ntchito omwewa, ndipo pa zithunzi zake zigamba ndi nthiti zikuoneka, Mavuto akhoza kukhutira. Koma nayenso ankawaimika anthu mmene akufunira, kamera ya nthawi imeneyo inkafuna munthu asagwedezeke.

Mavuto Geni: Ine mfundo yanga sinasinthe. Palibe ndi chimodzi chomwe chinajambulidwa kuti wometayo akapachike m'nyumba mwake.

Nangozo Telala: Zoona, koma pakanapanda zimenezi bwenzi tikumudziwira kuti?

Kalipentala wa ku Ndirande: Inu pitirizani kukangana, ine ndili ndi funso la ntchito. Chithunzi chomaliza chija, bambo wa kang'anjo kakang'ono ndi chiwaya chobooka. Pambali pake pali bokosi lalitali lokhala ndi chogwirira. Ndi mvukuto umenewo?

Tadala (Hangzhou): Ndi mvukuto achimwene, wamatabwa. Bamboyo ndi wokonza ziwaya zachitsulo. Amasungunula tizidutswa ta chitsulo m'kambiya, amatapa dontho lake n'kuliika pa kansanza kokhuthala kothira phulusa, amalikankhira pabowo kuchokera pansi, pamwamba n'kupsinja ndi kansalu kokulunga. Dontho ndi dontho mpaka bowo latsekeka. Mvukutowo mkati muli thabwa loyenda, ndipo uli ndi tizitseko kumapeto onse awiri, ndiye umapopa mpweya pokankha ndi pokoka pomwe, moto sumapuma.

Kalipentala wa ku Ndirande: Alamu anga amasula makasu ndi nkhwangwa, amavutika ndi chopemerera cha teyala la njinga. Bokosi limeneli ndikhoza kuwakhomera. Koma thabwa lamkatilo amatseka ndi chiyani m'mbali kuti mpweya usathawe? Labala kunalibe nthawi imeneyo.

Tadala (Hangzhou): Nthenga za nkhuku. Amazimangirira kuzungulira m'mphepete mwa thabwalo, zikatha amaika zina.

Kalipentala wa ku Ndirande: Nthenga ndiye sizosowa. Tandifunsireni madala a kumeneko kuti tizitsekoto timapachikidwa ndi chikopa kapena chingwe, ndipo kabowo kotulukira mpweya kamakhala pakati kapena chakumapeto. Mundijambulire ngakhale papepala.

Tadala (Hangzhou): Ndifunsa Loweruka, ndikutumizirani ku inbox.